Tinjerewere ta ukalamba tisamadulidwe ndi lezala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za tinjerewere tofiirira kapena takuda timene timamera kumaso, m'khosi, pachifuwa ndi kumsana munthu akapitirira zaka 40. Madokotala amatitcha seborrhoeic keratosis. Timaoneka ngati phula lomatidwa pakhungu. Si khansa, sitipatsirana, ndipo nthawi zambiri timayendera kumtundu. Ngati sitikuyabwa kapena kukodwa mu kolala, palibe chifukwa chotichotsera.

Chondidetsa nkhawa ndi lezala, ulusi ndi asidi wa m'batire zimene ena akugwiritsa ntchito kunyumba. Bala lotere limalowa tizilombo, ndipo khungu lakuda likavulala limasiya banga lakuda bii kapena chipsera chotupa chomwe chimakulirakulira, makamaka pachifuwa ndi m'mapewa.

Kuchipatala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako amapala ndi kachitsulo konga kasupuni kapena kuwotcha ndi kachipangizo ka magetsi. Njira ina ndi nayitrojeni wamadzi wozizira kufika -196°C: pamachita thuza, nkhanambo nkugwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma kuzizirako kumawononga maselo opatsa khungu mtundu, motero kwa ife akhungu lakuda kungasiye banga loyera. Funsani kaye musanavomere. Mukachotsa kuchipatalako, tsukani pabalapo ndi sopo, pakani Vaseline, nkhanambo osaitokosa.

Chotupa chikamakula msanga, kutuluka magazi chokha, kusanduka chilonda chosapola, kapena banga lakuda likatuluka kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, pitani ku Kamuzu Central Hospital akachipime. Abale athu achialubino asachedwe ndi kachilonda kalikonse.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe