Kalata kwa Amayi pa za mawondo awo

Wigan, England

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwinoko pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito yanga yosamalira okalamba ikuyenda. Achemwali andiuza pafoni kuti mawondo anu afika poti simungadzuke pamphasa popanda wokugwirani dzanja, ndiponso kuti mukumwa Indocid ndi Brufen wa pagolosale tsiku ndi tsiku. Nkhani ya mankhwalayi ndi imene yandisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndalemba kuti achemwali akuwerengereni mofatsa.

Kwathu ululu uliwonse wa molumikizirana mafupa timangouti nyamakazi, koma nyamakaziyo ili mitundumitundu ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Yofala kwa anthu a msinkhu wanu imabwera pamene kamnofu kosalala kokuta nsonga za mafupa kaperepeseka, mafupa n'kuyamba kukhulana. Imeneyi imapweteka kwambiri mukayenda kapena mukagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha pasanapite mphindi 30. Ilipo ina imene imatupitsa zala za manja onse awiri, munthu n'kukhala wouma kwa ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo imeneyo imafuna mankhwala akeake oyambidwa msanga. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala. Choncho ndikukupemphani kuti mupite kuchipatala cha boma chachikulu cha m'boma lathu, mukaonane ndi a za mafupa, akaligwire bondolo, akalijambule pa X-ray, ndipo ngati aona kuti n'koyenera akayezenso magazi. Koma tsiku limene bondo lidzatupe mwadzidzidzi, lili lotentha, thupinso litatentha, musadzadikire kuti kuche kawiri, chifukwa mafinya a m'bondo amawononga mfundo m'masiku ochepa.

Indocid ndi Brufen amachotsadi ululu, koma akamwedwa nthawi yaitali amachititsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP, imene inu muli nayo kale. Kuwamwa onse awiri pamodzi ndiye koopsa kwambiri. Muwasiye kaye mpaka dokotala akuuzeni. Pakadali pano Panado ndiye wabwinoko, mapiritsi awiri pa nthawi imodzi, osapitirira 8 pa tsiku, ndipo mankhwala opaka a diclofenac amathandiza bondo popanda kuvutitsa m'mimba kwambiri. Ndikupemphaninso, Amayi, musalole kutemedwa mphini pabondopo, pakuti bala lililonse pamenepo ndi khomo lolowera matenda.

Chimene ndaphunzira kwa agogo amene ndimawasamalira kuno n'chakuti bondo lodwala silifuna kugonekedwa. Amene amangokhala poopa ululu, minofu ya ntchafu imafooka ndipo bondo limasowa cholichirikiza. Mukakhala pampando, muziwongola mwendo, kuugwira m'mwamba mukuwerenga mpaka 5, kenaka kuutsitsa pang'onopang'ono, kakhumi mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Muziyenda pamalo osalala, ndipo ndodo muziigwira ku dzanja la mbali imene sikupweteka kwambiri, osati mbali yodwalayo monga ambiri amachitira. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imafewetsa bondo louma. Ndowa ya kumjigo ndi mtolo wa nkhuni musiyire adzukulu, pophika muzikhala pampando m'malo mogwada, ndipo achimwene apeze kalipentala akupangireni mpando wobowola wa kuchimbudzi kuti musamanyonyomale. Thupi likatsikako ngakhale makilogalamu ochepa, mawondo amapepukidwa kwambiri pa phazi lililonse limene mwaponda.

Ndamva kuti mukuopa kupita kuchipatala poganiza kuti akangokudulani. Opaleshoni ndi chinthu chomaliza, ndipo ambiri safika n'komweko. Mankhwala ndi mafizo zikalephera, pamakhala kaye jakisoni wobaya m'bondo momwemo, amene amatonthoza ululu kwa masabata kapena miyezi ingapo. Amaganiza zoika bondo lachitsulo ndi pulasitiki pokhapokha munthu akamalephera kugona ndi kuyenda. Pafupi ndi kuno pali chipatala cha Wrightington, kumene dokotala John Charnley anayambitsa njira yamakono yosinthira mfundo ya m'chiuno mu 1962, ndipo ine ndasamalirapo agogo angapo oikidwa mawondo otere. Amawaimiritsa tsiku lomwelo kapena mawa lake, amavutika ndi mafizo kwa miyezi ingapo, koma bondolo limatha kukhala zaka 15 kapena kuposerapo. Kwathunso ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central, kumene angakutumizeni ngati aona kuti vuto lakula.

Ndatumiza ndalama kwa achemwali pa Mukuru zoti zikhale za ulendo ndi mankhwala. Mukatenge buku lanu la kuchipatala ndi mapepala a mapiritsi onse amene mwakhala mukumwa, mukawaonetse dokotala osabisa kanthu. Achemwali akandijambulire zimene alembe m'bukumo anditumizire pa WhatsApp, ndipo Lamlungu madzulo ndidzaimba kuti ndimve kuchokera pakamwa panu.

Moni kwa onse pakhomo.

Ndine mwana wanu wokukondani.