Za maere a chipereganyu chathu

Amnzanga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Mchinji tili pakalikiliki wokumba mtedza, ndipo mavenda akoleka kale masikelo awo pa Kamwendo.

Munandifunsa za mkangano wa kuchipereganyu uja. Gwero lake ndi maere. Tilipo amayi 10, ndiye timalemba manambala 1 mpaka 10 patimapepala, n'kutipinda, n'kutiponya m'mbale. Wotola 1 ndiye amayamba kulandira ndalama. Ulendo uno anthu analimbirana kutola koyamba, ati womaliza amangotola zotsala. Zinandiwawa, poti ndi amayi omwe timagwirana manja pamaliro ndi pamatenda.

Anatiunikira ndi mwana wa achimwene, uja akukonzekera mayeso a MSCE. Anaika m'kapu njere 10 za mtedza, imodzi ya CG7 yofiira ija, zotsalazo za Chalimbana, yofiirayo kuimira kapepala ka nambala 1. Woyamba kutola, mwayi wake wopeza yofiirayo ndi 1 mwa 10, apa palibe anatsutsa. Nanga wachiwiri? Kuti aipeze, pafunika woyamba aiphonye, ndipo mwayi woti aiphonye ndi 9 mwa 10. Zikatero m'kapu mwatsala njere 9, iye mwayi wake ndi 1 mwa 9. Mukachulukitsa 9/10 ndi 1/9 mupeza 1/10 yemwe uja. Womaliza nayenso chimodzimodzi, pakuti njere yofiira ikhoza kutuluka paulendo uliwonse mwa maulendo 10, sisankha dzanja. Chofunika n'chakuti wotola asasuzumire, ndipo timapepala tipindidwe mofanana. Amayi anasinthanasinthana malo n'kubwerezabwereza mpaka mitima inakhala pansi.

Ndikanakonda anyamata obetcha mpira akanamva masamu amenewa, chifukwa ena akuthera ndalama za mtedza kumeneko. Tingoyerekeza kuti pamasewero aliwonse mwayi wolosera molondola ndi theka. Masewero 10 patikiti imodzi ndiye kuti theka kuchulukitsa ndi theka kakhumi, mwayi wolosera onse molondola n'kutsala 1 mwa 1,024 basi. Komatu matimu amathanso kufanana mphamvu, ndiye nthawi zambiri theka lomwelo silikwana. Mlongo wanu wamng'ono uja mumulankhule, inu amakumverani.

Ngati mukufunabe kulowa nawo chipereganyu, mundiuze msanga tisanachite maere ena. Ndidzakutolerani kapepala ndine, ndipo mwayi wanu woyamba kulandira udzakhala 1 mwa 11 ngati wina aliyense.

Mupereke moni kwa abambo ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa pa Kamwendo