Zikomo potiuza mayina a anthu oliza zida aja

Kwa a Manejala ndi nonse ogwira ntchito pa wailesi yathu,

Ndati ndilembe basi, chifukwa kuthokoza kwa mumtima ku situdiyo sikufika. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale, nde kawailesi kanga kamakhala pambali pa makina, batire ndamangirira ndi mphira chifukwa chitseko chake chinasowa kalekale. Pulogalamu yanu ya nyimbo za country sindiphonya, olo kasitomala akhale wa diresi la ukwati amayamba wadikira kaye nyimbo ithe.

Koma nyimbo zokha sizimene zandilembetsa ayi, mawailesi ambiri amaika Jim Reeves, ngakhale m'minibasi mumamumva. Chimene chandigwira mtima ndi chizolowezi cha achimwene oulutsa aja, choti nyimbo ikatha samangotchula woimba yekha, amanenanso kuti piyano mwamvayo analiza ndi uje, gitala ndi uje. Mwina kwa inu ndi kanthu kakang'ono koma kwa ine mwandimasulira mfundo yomwe ndakhala nayo zaka zoposa 40.

Bambo anga malemu anabwera ndi mbale za Jim Reeves pochokera ku Joni, ankazisunga m'sutikesi pansi pa bedi ndipo mwana ukangogwira imodzi tsiku limenelo nsima umadyera misozi. Ife tinakulira pa makaseti ojambulitsa, aja olembedwa ndi bolopeni dzina la woimba basi, tepi ikatafunidwa kumaibweza ndi bolopeni yomweyo. Nde mukuona, panalibe pepala loti n'kuwerengapo kuti analiza ndani. Tinkangoti Don Williams amatha, Kenny Rogers amatha, ngati munthu mmodzi yekhayo ndiye akuliza zonse.

Makamaka ka chida kena kake kolira ngati mayi wamasiye pa siwa, kamene kamayankha woimba akangopuma. Ine ndinkaganiza kuti ndi vayolini, mnzanga wina wokonza njinga ankalimbikira zoti ndi kiyibodi, tinakangana zaka ndithu mpakana kubetcherana Fanta. Tsiku lomwe achimwene aja anafotokoza kuti ndi pedal steel guitar ndinasiya kupalasa makina. Eti gitala yake siyonyamula, ili ndi miyendo ngati katebulo, munthu amailiza atakhala pansi, nsambo zimakhala 10 ndipo zina zimakhala ndi makosi awiri, dzanja lamanzere limatsetsereza kachitsulo pamwamba pa nsambozo, lamanja likukodola, kwinaku mapazi akuponda mapedulo ndipo mawondo akukankha timaliva tosintha kamvekedwe ka nsambo. Ndinaseka ndekha chifukwa nanenso ndimagwira ntchito ndi manja ndi mapazi nthawi imodzi, koma mawondo ayi, pamenepo andiposa. Ndipo atanena kuti kalizidwe kotsetsereza kachitsulo kanachokera ku Hawaii ndinakumbukira gitala ya hawayani imene akuluakulu athu ankaliza ataigoneka pamiyendo, ngati a Ndiche Mwarare aja. Kani n'chifukwa chake khutu lathu silinachione chachilendo chidachi.

Fanta ija palibe anawina, tonse tinalakwa.

Kuyambira pamenepo ndinagula kope la ana asukulu, mayina ndimalemba kumbuyo, kutsogolo kuli miyezo ya makasitomala. Loyamba ndi Lloyd Green, amene analiza steel m'nyimbo zambiri za Don Williams. Abale inu, Don Williams timamukonda chifukwa sathamanga, amaimba ngati akukuuza nkhani pansi pa mtengo wa mango, koma mutachotsa Lloyd Green kufatsa kuja kungachepe mchere. Munthuyu sankadzaza nyimbo, amangolowa pang'ono n'kutuluka, ngati mlendo wodziwa mwambo. Anthu aku Harare anachita mwayi, Don Williams anakawaimbira maso ndi maso mu 1997, ife tinangomva mbiri yake.

Wachiwiri ndi Floyd Cramer wa piyano. Nyimbo ija ya He'll Have to Go yomwe bambo anga ankaibwereza mpaka singano kutha, inajambulidwa mu 1959 ku RCA Studio B mumzinda wa Nashville, piyano yake ndi ya bambo ameneyu. Ali ndi kagwiridwe kake, amayamba wagunda kiyi ya pafupi kenako n'kutsetserekera pa yeniyeniyo, zimamveka ngati munthu wapunthwa pang'ono koma mwadala, mukangomuzindikira kamodzi basi muzimumva paliponse. Chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti mu 1962 Jim Reeves anabwera ku South Africa limodzi ndi Floyd Cramer yemweyu komanso Chet Atkins wa gitala, nde ndimangoganiza kuti mbale za m'sutikesi zija zinachokera mu mphepo imeneyo. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege pa 31 July 1964, izi aliyense amadziwa, koma ndi angati amadziwa kuti mundegemo munalinso Dean Manuel, woliza piyano wa bandi yake ya Blue Boys? Ine ndamva chaka chino, pa wailesi yanu. Munthu kufera limodzi ndi bwana wake koma dzina osamveka, zinandikhudza.

Ndipo pali uja wosaona, Hargus Robbins amene ankamutcha Pig, anachita khungu ali kamwana koma piyano yoyamba ija mu Behind Closed Doors ya Charlie Rich ndi zala zake. Ndinauza mdzukulu wanga, iye akuti agogo nyimbo zanuzi n'zogonetsa. Chabwino, adzakula.

Pa mabandi ndisaname, kale sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi mayina. Pano ndikudziwa kuti Buck Owens anali ndi Buckaroos, Merle Haggard anali ndi Strangers momwe munali Roy Nichols pa gitala ndi Norm Hamlet pa steel, Hank Williams anali ndi Drifting Cowboys. Kwa ine Buckaroos ndiye akatundu, ena akwiye kaya. Mverani Together Again ya 1964, pakati paja Tom Brumley akalowa ndi steel, ine ulusi umandiduka chifukwa maganizo amachoka pa nsalu, ndipo mawu achiwiri okwera aja m'nyimbo zawo zambiri ndi a Don Rich, yemwenso ankaliza gitala ndi vayolini, anafa pa ngozi ya njinga yamoto mu 1974 ali ndi zaka 32 zokha. Johnny Cash ndimamulemekeza koma kagitala ka Luther Perkins kaja kongoti gu-chiki gu-chiki ngati sitima ikukwera mtunda, tsiku lina ndimakakonda tsiku lina kamanditopetsa, ndanena poyera.

Ngakhale kwawo komweko anachedwa kuwathokoza anthuwa. Pete Drake, amene analiza steel mu Stand by Your Man ya Tammy Wynette, anamwalira mu 1988 koma ku Country Music Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za country, anamusankha mu 2021, ndipo ndiye anali woyamba woliza pedal steel kulowamo. Zaka zonsezo chida chikuliza anthu dziko lonse. Nde inu mukamawatchula kuno, pa kawailesi komangirira mphira, musaone ngati mukutaya nthawi.

Pempho langa ndi laling'ono. Achimwene aja akamatchula mayina azichita pang'onopang'ono kapena kubwereza kawiri, ena a ife timalemba ndi choko chosokera pa nsalu kaye kenako n'kukopera m'kope, moti Norm Hamlet ndinamulemba kuti Nomu Omuleti mpaka mwana wanga anachita kundikonzera pa foni. Komanso tsiku lina mudzatiikire nyimbo za zida zokhazokha zopanda woimba, ngati Last Date ya Floyd Cramer ija, mnzanga wokonza njinga akuti abwera kudzamvera pakhonde pano ndipo Fanta agula ndi iyeyo.

Mundiperekere moni kwa achimwene oulutsa aja, akadzadutsa kuno ndi buluku lofuna kupinda sindidzawalipiritsa.

Ine wanu womvera,
Telala wa pakhonde