Kalata kwa a Meya a Harare: tisungireni madambo bwana

Zikomo bwana Meya, ndine mayi wa ku Mabvuku, agogo anga anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ndiye ndalemba m'Chichewa chomwe timayankhula pa mjigochi, okumasulirani sasowa mu tauni muno.

Pakhomo pathu pali chitsime anakumba malemu bambo anga. Tili ana chinkatifikitsa mpaka mvula yoyamba, pano Ogasiti akangolowa ndowa imatuluka ndi matope basi, ndiye 4 koloko m'bandakucha tili kale pa mzere ku mjigo, zigubu mdadada, ena amangosiya mwala wosungira malo nkukagonanso, mkangano wake osanena.

Mvula yasintha bwana. Imachedwa, ikati ibwere imakhuthuka kamodzinkamodzi nkuthamangira kumtsinje, pansi osalowa. Mu 2019 madamu a Seke ndi Harava anaphwa mpaka ku malo oyeretsera madzi a Prince Edward kusowa madzi oyeretsa, 2024 El Niño uja, a Pulezidenti Mnangagwa mpaka kulengeza mu Epulo kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Damu la Kunzvi pa mtsinje wa Nyagui tikulidikira ndithu, tinayamba kulimva kalekale, koma nalonso lidzadalira mvula yomweyi eti.

Ine nkhani yanga ndi madambo. Agogo ankati dambo ndi nkhokwe ya madzi, limamwa dzinja lonse nkumatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, udzu wake nkumasefa zonyansa, palibe amalipira. Nanga Harare si ali kumtunda kwa madzi ake omwe, chilichonse timataya muno Mukuvisi ndi Marimba amatenga nkukatula ku Chivero, damu loti anamanga 1952 mzinda uli kakang'ono, kenako madzi omwewo nkubwereranso kwa ife kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Dambo likasanduka nyumba ndi simenti, zonyansa zimafika kunyanja zosasefa, namasupuni nkumangonenepa, mankhwala oyeretsera nkufunika ochuluka, ogula ndi madola. Mukukumbuka Seputembala 2019 Morton Jaffray anaima kaye chifukwa chosowa mankhwala. Ndipo chitsime ngati changachi chimwa kuti dambo litatha?

Dambo la Monavale Vlei muno mu Harare linalowa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 2013, Cleveland Dam kufupi ndi kwathu kuno chimodzimodzi, ndiye kutheka zimatheka. Chonde ma stand omangapo nyumba a m'dambo asamaperekedwenso, ngakhale wopemphayo abwere ndi galimoto yotani. Ifenso sindikutibisa, timalima chimanga ndi mbatata mmenemo ndi feteleza wathu yemwe, njala bwana, koma mutatiuza polekezera khasu tingamve.

Chinanso madzi a m'mijigo aziyezedwa pafupipafupi zotsatira nkumata pa mjigo pomwepo, kolera wa 2008 anatenga anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, 2018 anabweranso ku Glen View ndi Budiriro, munthu umatunga mtima uli m'mwamba. Mapaipi otayikira m'misewu akonzedwe msanga, komanso tsiku lotsegula madzi muzitiuza pa foni ngakhale ka meseji, tizitsukiratu zigubu.

Mukadzapeza mpata mu Okutobala bwerani ku Mabvuku m'mamawa, mwala wanu pa mzere ndidzakuikirani.

Ine mayi wa ku Mabvuku