Akhristu a ku Cabo Delgado tisawaiwale

Akonzi,

Kupempherera abale athu a ku Cabo Delgado kokha sikukwanira, mipingo yathu iyambe kuwathandiza ndi manja. Zigawenga zodzitcha za Chisilamu zinayamba kuukira chigawo chimenechi, kumpoto kwa Mozambique, mu 2017, ndipo mu Seputembala 2022 zinapha Sisitere Maria De Coppi pa mishoni ya Chipene ku Nampula. Asilamu okana kuzitsatira nawonso akuphedwa, zimenezi tisabise.

Tchalitchi chikatenthedwa, wansembe n'kuthawa, amene amagwiriziza mpingo ndi katekisiti. Amasonkhanitsa mabanja ochepa pansi pa mtengo mu msasa wa othawa, amawerenga Mawu, amaika maliro. Koma mabuku a ubatizo ndi maukwati akapsa, munthu amasowa umboni akafika parishi ina. Baibulo nalo amalisiya pothawa, poti usiku umanyamula mwana, osati katundu.

Ndikupempha maepiskopi ndi masinodi athu asankhe Lamulungu limodzi la chopereka chapadera. Ndalamazo zidutse ku Dayosizi ya Pemba, ya ku Cabo Delgado komweko, osati m'matumba a anthu wamba, zigule ufa, malona, Mabaibulo ndi makaundula atsopano, zina zilipire makatekisiti. Ndipo atolankhani musasindikize mayina kapena nkhope za otsala m'midzimo, mumawaika pa mpeni.

Wowerenga wokhudzidwa,
Dedza