Kwa mwana wanga, za agogo amene ukufuna kuwachotsa m'pepala lako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tilipo. Pepala lako la kafukufuku ndaliwerenga lonse, pamodzi ndi ndemanga za ounika amene alikana, ndipo ndasankha kukulembera chifukwa pafoni paja mtima unali m'mwamba, sukanandimva.

Unanena zinthu ziwiri. Ukufuna kuchotsa m'pepalamo agogo aja amene analephera kugwiritsa ntchito pulogalamu yako yokumbutsa kumwa mankhwala, kuti manambala aoneke bwino. Ukufunanso kulitumiza ku journal ina (magazini yosindikiza za kafukufuku) imene yakulonjeza kulisindikiza m'masabata awiri. Za journal ndinena kumapeto, n'zosavuta. Za agogozi ndiye zandisowetsa tulo.

Ukuti agogowo sanamvetse malangizo, ndiye zotsatira zawo n'zosadalirika. Koma kawerengenso zimene unalemba wekha m'masamba akumapeto aja. Mayi wina, foni italira, anamwa mankhwala ake bwinobwino koma sanadine batani lobiriwira lotsimikizira, chifukwa kwa iwo ntchito inathera pamene piritsi linadutsa pakhosi. Patapita kanthawi foni inaliranso, iwo n'kuganiza kuti yakwana nthawi ya piritsi lina, n'kutsegula botolo. Ukanapanda kukhalapo iweyo, akanamwa kawiri. M'pepala lonse lija, ichi chokha n'chimene sindinachiwerengepo kwina kulikonse, ndipo ndicho chimene ukufuna kutaya.

Ntchito imene wasankhayi, yofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, inakula chifukwa cha anthu olephera ngati mayi ameneyu. Lucy Suchman, ali ku Xerox PARC, malo a kafukufuku a kampani ya Xerox, ankaika kamera patsogolo pa makina a fotokope n'kumajambula anthu awiriawiri akulimbana nawo. Mu vidiyo ina, amene ankavutikawo anali akatswiri odziwika a kompyuta, choncho panalibe amene akananena kuti vuto ndi umbuli. Polemba buku lake la 1987, Plans and Situated Actions, anagawa tsamba m'mizere: mbali ina zimene anthu ankachita ndi kunena koma makina osaziona, mbali ina zochepa zimene zinkafika ku makinawo. Anthu amakhoza kukambirana, kuloza, kukayikira, kuwerenganso malangizo, koma makina amangodziwa kuti chivundikiro chatsegulidwa kapena batani ladinidwa. Tenga njira yomweyi uyese pa mayi ako aja. Kumwa piritsi kuli kumbali imene foni siiona. Kudina batani ndiko kokha kumene foni imamva. Pulogalamu yako inatenga batani ngati piritsi. Apa ndiye pagona pepala lako.

Mwina ukuona ngati ndikukulitsa nkhani. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina otchedwa Therac-25, owotcha khansa, anapereka mphamvu yopitirira muyeso kwa odwala maulendo 6 odziwika, ndipo ena mwa odwalawo anamwalira. Ku Tyler, m'chigawo cha Texas, mu 1986, mayi woyendetsa makinawo analemba x m'malo mwa e posankha mtundu wa mphamvu, n'kuzindikira msanga, n'kubwerera kukakonza. Anali wozolowera, zala zake zinali zachangu, ndipo anamaliza kukonzako masekondi 8 asanathe. Pa liwiro limeneli makina sankatsatira kusinthako. Pasikirini panangotuluka mawu akuti Malfunction 54, popanda kufotokoza kuti wodwala ali pangozi, ndipo manambala ankasonyeza ngati mphamvu imene yaperekedwa ndi yochepa. Mauthenga a zolakwika ankatuluka kawirikawiri pamakinawo moti anthu anali atasiya kuwaopa, choncho iye anadina P kuti apitirize. Nancy Leveson ndi Clark Turner atasindikiza kafukufuku wawo wa ngozizi mu 1993, anafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane, ndipo mpaka lero anthu amaphunzirirapo. Akanangolemba kuti woyendetsa makina analakwitsa, phunziro lonselo likanakwiriridwa.

Palinso mbali ina imene ndiyenera kuinena mosapita m'mbali, poti ndine mayi ako. Kuchotsa anthu utaona kale zotsatira zawo, popanda kuuza owerenga, ndi chinyengo. Ngati pali chifukwa chenicheni chochotsera munthu, chifukwacho chimakhazikitsidwa kafukufuku asanayambe, ndipo m'pepala umanena kuti anachotsedwa angati komanso chifukwa chake. Iwe chifukwa chako wachipeza ndemanga za ounika zitabwera. Mapepala amabwezedwa ngakhale patapita zaka, ndipo chidziwitso chakuti pepala labwezedwa chimakhala pa intaneti ndi dzina la wolemba. Koma ngakhale pakanakhala kuti palibe amene angadzadziwe, agogowo anasaina chilolezo pokhulupirira kuti kuvutika kwawo kuthandiza ena. Anakulola kuwaonerera manja akunjenjemera pafoni, chinthu chimene munthu wamkulu sachionetsa kwa aliyense.

Tsopano za ounika. Kukanidwa kumapweteka, ndikudziwa, koma si chachilendo. Ku CHI, msonkhano waukulu wa ntchito yanuyi umene bungwe la akatswiri a kompyuta la ACM limakonza chaka ndi chaka, amalandira pafupifupi pepala limodzi pa anayi alionse, ndipo ambiri mwa okanidwawo amadzasindikizidwa atakonzedwa. Wounika woyamba uja sanawerenge bwino, nzoona, wakufunsa zinthu zimene unayankha kale patsamba lachitatu. Ngakhale zili choncho, pita ukaone chifukwa chake anazidumpha, mwina unazikwirira pakati pa ndime yaitali. Wachiwiri, amene wakukwiyitsa kwambiri, ndi amene wakuthandiza. Sananene kuti zotsatira zako n'zoipa. Wanena kuti mutu ndi chidule cha pepala zikulonjeza kuti pulogalamuyo imathandiza okalamba kumwa mankhwala moyenera, pamene anthu amene unawayesa ndi ochepa ndipo nthawi inali yaifupi. Akunena zoona. Pa zaka zimene ndinkaunika mapepala a anthu ena, ambiri amene ndinawakana anali ndi ntchito yabwino yovekedwa chovala chachikulu kuposa thupi lake.

Unamuyankha mumtima ndi mfundo ya Jakob Nielsen yakuti anthu 5 ndi okwanira. Mfundoyo ilipodi, anaifalitsa mu 2000, yakuti anthu 5 amatha kuulula pafupifupi 85 pa mavuto 100 alionse a kagwiritsidwe ntchito ka chinthu. Koma iye ankanena za kupeza mavuto kuti wokonza akonze n'kuyesanso. Sankanena za kutsimikizira kuti chinthu chimathandiza anthu onse. Choncho mfundo yomweyo ikukuuza pepala limene ungalembe moona: la mavuto amene okalamba amakumana nawo pamene foni ikufuna kutsimikiziridwa. Pa pepala limeneli anthu ako ndi okwanira, ndipo olephera aja ndiwo akhale patsogolo.

Uwafotokoze bwino anthuwo, popanda kupepesa chifukwa cha iwo. Mu 2021 Sebastian Linxen ndi anzake anaunika mapepala a CHI a zaka za 2016 mpaka 2020, n'kupeza kuti 73 pa zotsatira 100 zilizonse zinachokera kwa anthu a m'mayiko a azungu, amene safika 12 pa anthu 100 alionse a padziko lapansi. Ndiye pamene pepala likunena kuti "ogwiritsa ntchito" amachita chakuti, nthawi zambiri likunena za kagulu kochepa. Iwe unene zaka za anthu ako, mmene maso awo amaonera, ngati amawerenga mosavutika, nthawi imene akhala ndi foni, ndiponso amene amawathandiza kunyumba. Wowerenga adziwe kuti zimene wapeza zikukhudza ndani. Koma usamale pomwepo: pa chithunzi chachiwiri chija dzina la wodwala likuoneka pabotolo la mankhwala, ndipo ndime ina yatchula matenda, zaka ndi ntchito yakale ya bambo wina, zokwanira kuti wachibale amuzindikire. Zimenezi uzikonze lero lomwe, usanatumizenso kwa aliyense.

Za journal ija. Kuunika pepala kwenikweni kumafuna kuti mkonzi apeze akatswiri awiri kapena atatu odzipereka, awerenge, alembe ndemanga, iwe uyankhe, iwo aonenso. Amene akulonjeza kusindikiza asanawerenge n'komwe akufuna ndalama yako. Kulipira pakokha si chizindikiro cha chinyengo, ma journal ambiri abwino amalipiritsa kuti owerenga awerenge ulere. Koma kayang'ane ngati ili mu DOAJ, mndandanda wa ma journal odalirika owerengedwa ulere, werenga mapepala awiri atatu amene inasindikiza posachedwa, ndipo uone ngati akonzi otchulidwawo amainena pa masamba awo a kuyunivesite. Ukangosindikiza kumeneko, pepala latsekeka, chifukwa journal yodalirika silandira zimene zinatuluka kale kwina. Kuthamanga sikufika. Pali ACM Transactions on Computer-Human Interaction, pali International Journal of Human-Computer Studies, palinso misonkhano ya ACM yoona za anthu olumala ndi okalamba monga ASSETS, kumene nkhani ya mayi wa botolo uja angaimvetse msanga. Utumize kumodzi kokha pa nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti chikukuthamangitsa ndi chakuti popanda pepala losindikizidwa sakulola kumaliza digiri, ndipo ndalama za sukulu zikutha. Imeneyi ndi nkhawa yeniyeni, sindikuipeputsa. Ukakumane ndi amene akukuyang'anira pa kafukufukuyu, umuuze zonse, ngakhale maganizo ochotsa agogo aja, ndipo umufunse ngati kalata yolandira pepala ndi yokwanira kapena amafuna litatuluka kale. Ngati pangafunike miyezi ina yowonjezera, ine ndi bambo ako takambirana kale, tidzakuthandiza.

Ukalembanso chidule ndi ndime zoyambirira, unditumizire ndisanaone china chilichonse. Uyambe ndi foni imene inalira kachiwiri, ndipo uike tebulo losonyeza zimene agogo anachita mbali ina, zimene foni inadziwa mbali inayo. Bambo ako akupereka moni.

Ine mayi ako.