Mfuti za agogo athu a KAR zili kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono. Ku Britain kuli anthu ntchito yawo kutolera mfuti zakale za asilikali, makamaka Lee-Enfield, ija ya .303 yomwe umachita kukoka bolt (kachitsulo kolowetsera chipolopolo) ndi dzanja ukawombera kamodzi, magazini yake yolowa zipolopolo 10. Anthu amenewa sacheza, amafufuza nambala ya pa bolt ngati ikufanana ndi ya pa mfutiyo, kuyang'ana zidindo za fakitale, kenako kukangana kuti iyi ndi ya mtundu wa SMLE Mk III ya 1907 kapena No. 4 yomwe inabwera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nambala zikangosiyana basi mtengo wagwa.

Koma nanga ifeyo? Mfuti zomwezi ndi zimene agogo athu a gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) ananyamula mpaka ku Burma kukamenyana ndi ma Japan, ena sanabwerenso. Chipilala cha KAR ku Zomba timangochidutsa pa minibasi.

Sindikunena kuti tizisunga mfuti mnyumba ayi, apolisi angatimange bwino bwino. Ndikupempha a museum ndi asilikali a Malawi Defence Force (MDF) atikonzere malo amodzi, mfutizo azitseke zisamawombere, alembepo mayina a asilikali ndi komwe anakamenya, ana asukulu azipita kukaona.

Wowerenga wanu,
Zomba